Kope la Msungichuma

Anandisankha ndili kumaliro ku Ekwendeni.
Pobwera ndinapeza kope lachikuto chofiira
lili pamakina anga osokera,
chidindo chokulungidwa m'pepala la shuga,
ndi uthenga wa a Kayira, apampando:
"Ndinu telala, mumadziwa kuyeza.
Sungani chuma cha sukulu."

Chuma chake chiti?

Ndalama ya boma imachoka ku Lilongwe wapansi.
Imagona pa Mponela, imadwala pa Jenda,
m'Chikangawa imasochera m'nkhungu,
ikamafika kuno ku Masasa
teremu yachiwiri ili kumchira,
iyo itaonda ngati ulusi.
Tinalemba bajeti simenti ili pamtengo wina,
lero thumba limodzi ladya ndalama ya awiri.

Timasaina atatu:
ine, a Kayira, ndi ahedi, mayi NyaChavula.
Tsiku lokatapa ndimatseka shopu,
ndimaima pamzere kubanki, juzi mpaka m'khosi,
Juni wa Mzuzu akuluma zala,
kenako mtsikana wapawindo akuti
siginecha yanga yasiyana ndi ya chaka chatha.
Mwanawe, chaka chatha dzanjali linali lisanayambe kunjenjemera.

Lachisanu, msonkhano wa makolo, pansi pa mtengo wa mapeyala.
Bambo wina wa kabaza anaimirira chipewa chili kumutu:
"Ndalama zili nkhu?"
Ndinatsegula kope, ndinawerenga mzere ndi mzere:
choko, makatoni anayi;
malata khumi ndi awiri a Sitandade 3,
aja mphepo ya Januwale inakawasiya kudambo;
mlonda, miyezi iwiri (wachitatu tili naye ngongole);
sopo, ndowa, loko wa chimbudzi cha atsikana.
Zotsala: K3,450.
Anthu anaseka.
Wina anaomba m'manja kamodzi, n'kuchita manyazi.
Wa kabaza anavula chipewa, koma sanakhale pansi.

A PEA amabwera panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo.
Amasuzumira mu Sitandade 1, amawerenga mitu,
amasokonezeka pa 130, amayambiranso.
A Msowoya ali kutsogolo okhaokha, mawu atasasa,
akupondera pakati pa timiyendo ngati wodutsa m'nazale.
Fomu imadzazidwa. Fomu imapita kuofesi.
Kuofesi ndinafikako kamodzi:
mafomu athu ali bwino, ali pouma,
kuposa ana.

Zotsatira anazimata pachitseko cha ahedi ndi phala.
Analemba 96.
Anakhoza 71.
Anasankhidwa 19.
A PEA anati takwera, zoni yonse tili pachinayi,
amayi a phala anaimba nthungululu,
Temwanani, mwana wa wogulitsa makala,
akupita kusekondale yogonera.
Siketi yake ndasoka ulere,
mpendero ndapinda kawiri, poti akula.

Koma ine ndine wa masamu ochotsera.
71 kuchotsa 19.
Makumi asanu ndi awiri akhoza, alibe kopita,
ndipo ndimawadziwa ndi tepi:
phewa la Suzgo, lotsika kumanzere chifukwa cha ndowa,
chiuno cha Lusayo chimene sichinasinthe zaka zitatu,
kabudula wa Vitumbiko, zigamba zanga zisanu.
Dzulo Suzgo anabwera ndi malaya ake a yunifolomu:
"Muwachepetse, avale mng'ono wanga."
Ndinadula. Lumo silinafune, koma ndinadula.
Anatola zidutswa pansi, n'kufunsa
ngati makina amavuta kuphunzira.

M'kope muli danga la zolowa, danga la zotuluka,
danga la zotsala.
Ana amenewa ndiwalembe pati?

Chisankho cha komiti chili mwezi wamawa.
Ndauza mkazi wanga kuti ndikana,
kumaliro sindipita, ndidzakhalapo ndekha kuti ndikane.
Iye wangoyang'ana patebulo
pamene kope lili chitsegukire,
tsamba latsopano
nditalijambula kale mizere ndi rula.