Chiperoni pa Pepala

A Namalomba anati, usafufute,
inki sibwerera m'botolo.
Ndinakhala pa khoma ku Wenela,
kope pabondo, madzi m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

Minibasi ya ku Chilomoni sinandidikire,
ndinangogwirako chitseko ndi mkono wa kondakitala.
Mayi wa nthochi anatembenuka
ndisanamalize khosi,
ndiye ali ndi mapewa atatu.

Kenako chiperoni.
Timadontho tinagwera pa phiri la Ndirande
ndili nditangolipaka kumene,
buluu anasefukira, natsikira m'mitengo,
nalowa m'malata a eni.

Ndinafuna kung'amba tsambalo.
Mnyamata wa mandasi anasuzumira,
nati, "Eya, kwathu m'mawa kumaoneka chonchi,"
naloza ndi chala chamafuta
pamene pali nyumba yawo.

Bangalo ndalisiya pomwepo.