Mazira a Ngodya

Loweruka usiku, kuno ku Husum,
mphepo ya kunyanja ikugwedeza mawindo,
ine ndakhala pansi m'khitchini ndi bokosi la tinjerwa
limene wandibwereka Wiebke wa chipinda chapamwamba.
Akuti tinali ta mwana wake, yemwe pano ali ndi ndevu
ndipo amagulitsa inshuwalansi ku Kiel.

Dzira ndi chinthu chobulungira.
Kanjerwa ka pulasitiki sikadziwa zimenezo.
Ndimange, ndiphwasule, ndimangenso,
chotuluka ndi chinthu cha masitepe, ngodya mbwee,
choti nkhuku itachiona
ingathawe n'kusiya nthenga pabwalo.

Komabe ndi mazira. Ndatero ine.

Pasaka wa chaka chatha
Imke wanga anatola asanu ndi awiri a chokoleti,
anawandandalika pa udzu, anawawerenga kawiri,
kenako n'kugawira anzake limodzilimodzi
poti matenda a shuga samva zoti lero ndi chikondwerero.
Sanalire.
Chimene chinandibaya ndi chimenecho.

Ndiye chaka chino palibe dzira lodya.
Ana khumi ndi mmodzi a m'nyumba yathu yosanja,
mazira makumi atatu ndi atatu,
m'mimba mwa lililonse muli tizidutswa
ta nsanja ya nyali yowongolera zombo,
yofiira ndi yoyera ngati ija ya ku Westerhever.
Wina akaumira zake m'thumba, nsanja siima.
Onse akhuthule pa tebulo limodzi.
Kaya amva zimenezi?
Tjark wa zaka zinayi adakaluma anzake.

Mapu ndajambula kuseri kwa bilu ya magetsi.
Limodzi m'jombo ya bambo Feddersen
imene yagona pakhonde chiyambire Novembala,
lina pansi pa chishalo cha njinga yopanda tcheni,
awiri pakati pa timaluwa tofiirira
tomwe tangosuzumira m'dothi lozizira sabata ino
ngati tikufunsa ngati dzinja lachokadi.
Achikasu ndiika poyera, pofika aang'ono osakwera.
Obiriwira ndi a Momme wa liwiro uja,
awasake mu udzu mpaka thukuta kamukamu.

Wailesi yati mwina kugwa chipale chofewa m'bandakucha.
Mu Epulo!
Chigwe. Pulasitiki alibe nazo kanthu.

Ndadzuka kuti ndimwe madzi, wopanda nsapato,
ndipo phazi lapeza chimene maso anaphonya.
Ndatukwana chamumtima, ana asadzuke,
mwendo m'malere ngati kakowa.
Pochiyang'ana, si china:
kachikasu, kowonekera mkati, kochepa ngati mtedza,
nyali yeniyeniyo ya pansonga pa nsanja.
Mazira onse ndatseka kale.

Bodza ndilekeranji, maganizo anabwera:
ndikaike m'dzira lofiira lija la kuseri kwa thanki,
m'mawa ndim'tsinzinire Imke diso,
nyali ayike ndi iye, onse akuwomba m'manja.
Ndi bambo uti sanaganizepo zotero?
Koma iye angadziwe.
Nkhope yanga amaiwerenga msanga
kuposa kamakina ka shuga ka pamkono pake,
ndipo chifundo chobisa amachinunkhiza ali patali.

Choncho ndamanga dzira lina, la makumi atatu ndi anayi,
laling'ono, lopindika, la mitundu yotsala,
nyali ndatsekera m'menemo.
Ndavala jekete pamwamba pa zogonera,
ndatsika masitepe mwakachetechete,
ndaima pakati pa bwalo, mphuno zikuwawa ndi chisanu,
ndatsinzina, ndazungulira katatu,
n'kuliponya chakumbuyo.

Ndamva kuti tswaa penapake,
kaya ku mpanda wa zitsamba, kaya ku mulu wa masamba.
Pa mapu palibe.

Mawa nsanja ikaima yopanda nyali
ana onse atembenukira kwa ine,
ndipo ine nditambasula manja opanda kanthu,
ndigwada pa udzu wonyowa pambali pa Tjark,
tiyambe kusaka.