Kuwerenga Chobwerera

Ndinaphunzira kuwerenga chobwerera.
Kusukulu anandimenya ndi rula pachikhatho
poti dzina langa, Graciete,
ndinkaliyambira kumanja kulowera kumanzere,
monga linkaonekera patebulo la agogo.

Agogo Abílio Meireles anatsika kuchokera ku Amarante
ndi jekete limodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala,
nachita lendi kachipinda mumsewu wa Almada, ku Porto,
pakati pa wogulitsa misomali ndi wokonza maloko.
Chaka chake chikadali pakhomo: 1934.
Ankatola zilembo zamtovu ndi kambaniro,
kuzindandalika, kuzithina,
n'kuphika mphira pachitsulo chamoto
mpaka nyumba yonse kununkha tayala lopserera.
Akazi awo, a Deolinda, ankati fungolo lalowa ndi mu buledi momwe.

Chidindo choyamba chinali cha wogulitsa bakayawo,
zilembo zinayi basi, PAGO,
ndiye kuti zalipiridwa.
Mwini wakeyo sanalipire mpaka Khirisimasi.

Kenaka kunabwera mkulu wina wachipewa chotuwa,
wa boma, wosapereka moni,
kudzafuna zidindo makumi atatu zonena kuti ZAKANIDWA.
Agogo anapanga.
Ana analipo asanu, lendi inali itakwana.
Koma pa chilichonse anapendeketsa chilembo chomaliza
pang'ono chabe, ngati dzino la mwana,
kaya pofuna chiyani, sananene.
Patapita zaka, mwana wawo Fausto atapempha pasipoti,
pepala linabwerera ndi inki yofiirira,
chilembo chomaliza chitapendekeka.
Fausto anadutsa mapiri usiku wapansi kupita ku France.
Agogo anasunga pepalalo pansi pa bokosi la ndalama
ndipo tsiku lililonse ankaligunda ndi zala pobweza chenje.

Boma lija litagwa, mwezi wa Epulo,
asilikali atatsomeka maluwa kukamwa kwa mfuti,
maofesi onse anasintha mayina.
Bambo anga Horácio anagona pabenchi miyezi itatu,
maso ali psuu, zikhadabo zakuda,
akudula mayina atsopano a nyumba zakale zomwezo.
Ankaseka kuti ena ufulu unawapatsa mawu,
ife unatigulira firiji.

Ine ndinabweretsa kompyuta ndi makina odula ndi kuwala.
Bambo anawazungulira kawiri, nanunkhiza,
n'kunena kuti ntchito yosawotcha chala si ntchito.
Komabe ankabwera m'mawa uliwonse kudzawapukuta fumbi.
Masiku ano obwera ndi akwati ofuna mayina awo m'kamtima,
mlimi wodinda deti pa mazira,
wina wolemba manambala pamigolo ya vinyo kutsidya kwa Douro.
Mwana wanga Telmo amasayina ndi chala pafoni
ndipo makiyi a shopu sanawapemphepo.

Pali dirowa ya zidindo zomwe eni ake sanadzatenge:
dokotala wa mano, kampani ya zipewa,
bungwe la oyendetsa mabwato lomwe linatha ndisanabadwe.
Nthawi zina ndimazinyowetsa inki
n'kuzidinda pa nyuzipepala yakale,
zonse zimayankha bwinobwino
ngati zaitanidwa dzulo.

Mwezi wathawu ndinapita ku ofesi ya kalembera
kukatenga chikalata cha imfa ya bambo.
Mtsikana wa pawindo anatenga chidindo chogwirira chamtengo,
chakutha m'mbali, chong'aluka pakhosi,
ndipo ndinachizindikira chisanafike papepala.
Anachidula bambo, chaka cha firiji.
Anachimenya mwamphamvu, nachigwedeza uku ndi uku,
mawu n'kutuluka awiriawiri.

Ndinati, pepani mwanawe,
musamachigwedeze.
Chiikeni pansi kamodzi, muwerenge mpaka ziwiri,
kenaka nyamulani molunjika.
Anandiyang'ana, natenga pepala lina,
ndipo ulendo uno dzina la ofesi linatuluka loyera,
ine ndikuliwerenga kuchokera mbali yanga ya windo,
chozondoka, mosavuta.