Chidindo

Anati ndidinde chala pa fomu.
Ndinatulutsa dzanja m'thumba la jekete,
kalaliki n'kuyang'ana kumbali.

Chala chachikulu chinatsala kuphiri,
mu utuchi wa paini, Lachinayi m'mawa,
nkhungu isanachoke Ku Chawe.
Chinapita ndi chinzake cholozera.
Macheka sanaime n'komwe,
matabwa a tsikulo anakwana.

A Likoswe anabwera kuchipatala ndi botolo la sobo
ndi makwacha ochepa mu envulopu.
"Waganyu alibe buku," anatero,
"ukachira ubwere, uzidzalonda pageti."

Miyezi isanu ndi iwiri wapansi kuchoka ku Chinamwali:
lero abwana ali kumaliro,
mawa fayilo yasowa,
mkuja netiweki.
Mkazi wanga akundimanga mabatani a malaya
ngati mwana wopita kusukulu.

Mayi Kandulu, loya wothandiza osauka,
sanandimvere chisoni, ndipo ndinawakonda pa chimenecho.
Anafunsa tsiku, ola, amene anaona.
Anafunsa kope la kapitawo lolembamo malipiro,
anaitanitsa Yusufu amene anandimanga mkono ndi lamba wake.
Anati, "Pepala la dokotala musalinyowetse.
Dzanja lanu lili m'menemo tsopano."

Chipukuta misozi, akutero.
Misozi inauma kale yokha.
Ine ndikufuna lendi, fizi ya Tiyamike,
ndi kuti wina alembe kuti ndinali pantchito.

Mlandu ulowa Lolemba.
Usiku ndikuphunzira kulemba dzina ndi lamanzere.
Zilembo zikuyenda chammbali ngati nkhanu za mu Likangala,
koma dzinalo ndi langa.