Kalata Yoyenda Wapansi

Kalata yafika lero, Wedisoni.
Yabwera pa minibasi ya m'mawa, m'thumba la kondakitala,
yonyowa pangodya, yonunkha usipa.
Ndaiwerengera kunsi kwa lole ya eni ake,
manja ali bii ndi girisi.

Akuti akupepesa.
Akuti m'galimoto zina za chaka chakutichakuti
muli kalabala kosaposa ndalama yachitsulo,
kamene kamafewa kakatenthedwa
n'kulola mafuta a mabuleki kuthawa mwakachetechete.
Bweretsani galimoto yanu, tidzakonza ulere.

Ulere, Wedisoni.

Inalembedwa zaka zitatu zapitazo
kwa bungwe lokumba mijigo limene linagula pikapuyo ili yatsopano.
Bungwe linatseka, galimoto inapita pa okushoni,
inanyamulako matabwa ku Chongoni,
inanyamulako maliro ku Linthipe,
mpaka iwe unagulitsa ng'ombe ziwiri ndi dimba la malemu bambo ako.
Kalata inkabwera pambuyo, wapansi,
kugona m'madirowa, kufunsa njira kwa alonda.

Ndapita kuseri kwa galaja kumene chigoba chija chinagona.
Nkhuku ya mkazi wanga ikufungatira pampando wako.
Ndapala dzimbiri ndi mpeni,
ndawerenga nambala ya chasisi ngati mwana wa sitandade wani,
chala pachitsulo, chala papepala.
Palibe imene yasemphana.

Ukulikumbukira Lachinayi lija?
Unaima pano pa Dedza, chifunga chisanachoke m'phiri,
kachewere atadzaza mpaka masipuling'i kuwongoka.
Unati buleki ikumveka ngati ukuponda papaya lakupsa.
Ndinasintha mapadi, ndinathira mafuta, ndinachotsa mpweya,
mphwako Sitifano akupopa, ine ndikukuwa kunsi:
ponda! gwira! siya!
Ndinamenya boneti kawiri.
Pita, ndinatero, ku Golomoti si kutali.

Khwekhwelere safunsa kuti wakonza ndani.
Pakona yachisanu phazi lako linafika pansi
osakumana ndi kanthu.
Giya inakana kulowa.
Unasankha thanthwe, kusiya phompho,
ndipo a m'midzi ya kumunsi anatola mbatata masiku awiri.

Sitifano anali pamwamba pa matumba.

Kumaliro ena ankati unalawako,
ena ankanong'ona za dimba lija, kuti eni ake sanakondwe.
Ambiri ankangoyang'ana manja anga.
Nangozo anandibwezera chipepeso changa
chili chomanga m'kansalu momwe ndinachiperekera.
Kuyambira pamenepo a matola amadutsa pano osaliza hutala,
ndipo usiku uliwonse ndimamanganso manati omwewo kutulo,
kuwawerenga, kuwamasula, kuwamanganso.

Tsono pepalali likuti si ine.
Ndimayesa ndidumpha.
Ndangokhala pa tayala, tiyi wazizira.

Ndibwere nalo kwa iwe pakhonde la sitolo paja
pamene umasoka nsapato za anthu, ndodo zako zili chotsamira khoma?
Ndipite nalo kwa Nangozo?
Adzati ndimuwerengere m'Chichewa.
Ndidzayamba bwanji, kuti mayi, akupepesa
ngati izi zakusokonezerani zochita zanu?

Pansi pake pali nambala ya foni.
Ndaimba. Wayankha mtsikana wa mawu osalala,
wandithokoza chifukwa chosamala za moyo wanga,
wafunsa tsiku limene ndingabweretse galimotoyo,
m'mawa kapena masana.
Ndayang'ana nkhuku ija. Nayo yandiyang'ana.
Mayunitsi atha.

Imani kaye.
Pamsewu pakudutsa ina, yoyera, nkhope yomweyo,
nyali imodzi yomata ndi selotepi,
amayi asanu ndi mmodzi pamwamba pa kabichi,
wina mwana kumbuyo.
Yalozera kumanja, njira ya ku Masasa.

Ndathamanga, Wedisoni, nsapato imodzi yatsala m'matope,
ndikukupiza pepala m'mwamba ngati wapolisi.
Dalaivala watulutsa dzanja pawindo,
walizunguza kawiri:
yadzaza, bambo, dikirani ina.