Bokosi la Katemera ku Zavkhan

Kusukulu ku Ulaanbaatar anatiphunzitsa kuopa kutentha.
Katemera akafunda wafa, ankatero mphunzitsi
akusisita chitseko cha furiji.
Palibe anandiuza kuti kuno
ndidzafunditsa bokosi chikopa cha nkhosa,
kulikhazika pamiyendo ngati khanda
kuti timabotolo tisaundane m'njira.

Lkhagvaa akuyendetsa duu, osalankhula.
Msewu kulibe. Kuli mikwasa ya matayala a dzana
yomwe mphepo yafufuta theka.
Pamapu anga banja la Dorjpalam lili kuseri kwa phiri,
koma mapu sadziwa kuti anthu amapinda nyumba
n'kutsata msipu.
Mnyamata wa pahatchi, nsidze zili mbuu ndi chisanu,
watilozera ndi mkwapulo:
uko, kumene utsi wa ndowe ukukwawa.

Gwirani galu! ndafuula, ndiwo odi wa kuno.
Ndawerama pakakhomo kofiira, ndalumpha chiundo.
Tiyi wamkaka wothira mchere kaye.
Wosolola singano asanamwe tiyi
chaka chamawa amapeza nkhope zotseka.

Ndagwedeza kabotolo, ndakaunika kudenga
kumene kuwala kumalowera. Kali moyo.
Tumurkhuu, miyezi inayi.
Tamasula nsalu zitatu tisanaipeze ntchafu.
Walira, wakwiya, wagona.
Pasikelo makilo asanu ndi limodzi ndi theka.
Ntchito imene boma linandituma yatha
m'mphindi khumi ndi ziwiri.

Koma mwana polira, Yanjmaa sanacheuke.
Maso ali pambaula,
manja ali pamaondo ngati obwereka.
Mwamuna wake watuluka kanayi kukawerenga nkhosa.
Mu Okutobala zinali mazana atatu.
Kuseri kwa khola ndaona mulu wouma gwa,
miyendo kuloza kumwamba,
chipale chitaukwirira mosamaliza.

M'kaundula wanga muli mzere wa chikuku,
wa chifuwa chachikulu, wa kuthamanga kwa magazi.
Mulibe mzere wa nkhosa zakufa,
ngakhale wa mayi amene tulo tinamuthawa
mwezi watha.

Khuthula madzi mu injini, Lkhagvaa, tigona konkuno.
Wang'ung'udza za mafuta,
za mabanja asanu ndi awiri otsala.
Ndikudziwa. Ndikuwadziwa ndi mayina omwe,
ndi amene amabisa mapilisi pansi pa chishalo.

Usiku fomu ndaisiya m'chikwama.
Ndafunsa za nsapato zake, anasoka maluwawo ndani.
Ndine, watero, kale.
Tathira ndowe pamoto. Tathiranso.
Kunja mphepo ikukoka zingwe za nyumba
ngati ili ndi mangawa nafe.
Amuna atayamba mkonono
ndi pamene mawu atuluka, ang'onoang'ono:
Akamalira ndimamva ndi makutu okha.
Kuno, wagwira pachifuwa, kuli zii.

Ndamuuza kuti zimenezi zili ndi dzina,
kuti si ulesi, si mtima woipa,
kuti ndaziona m'nyumba zina m'chigwa chomwechino
ndipo eni ake lero amaseka.
Za dokotala wa ku Uliastai ndanena pang'ono.
Za mchemwali wake ndanena zambiri:
ndimuimbira ndikafika pamtunda paja
pamene foni imatsitsimuka.
Sanavomere. Sanakane.
Wandipatsa bulangete lake lolemera,
iye n'kufunda chikhoti.

Kwacha. Lkhagvaa wagona chagada pansi pa galimoto
akuotcha injini ndi kamoto kam'chitini,
akutukwana mwachikondi.
Nkhosa zina ziwiri sizinadzuke.
Yanjmaa waima pakhomo, mwana ali m'manja mwa bambo wake,
ndipo sindinganame kuti nkhope yasintha.

Cholembera chaundana.
Ndalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba,
pamene palibe mzere, pamene akulikulu saona:
Yanjmaa, Lachinayi.
Kenako ndafunditsanso bokosi.
Timabotolo tisanu ndi tiwiri, mapiri atatu,
ndipo wotsatira ndi mkulu uja wa chifuwa
amene amati ndimabwera kudzamulanda fodya.