Wochapa Majezi ku Bahía Blanca

Majezi awo ndimachapa ndine,
ndiye ndimadziwa amene wakhetsa thukuta.
Ya Nahuel imabwera ikuchucha.
Ya Fausto, youma kumsana:
kukamwetsa amauluka,
kubwerera kukatchinga amachita kudzikoka.

Chaka chino tinali nawo onse,
chimtali chowerama pokwera basi,
wina woponya atatsinzina, ukonde n'kungoti waa.
Manyuzipepala anatipatsiratu chikho
ligi isanayambe n'komwe.

Usiku wa fainolo, kwatsala masekondi asanu,
tatsalira ndi imodzi.
Bautista ali yekhayekha pakona, manja m'mwamba,
wakuwa mpaka mawu kusasa.
Fausto anamuona.
Ndikulumbira, anamuona.
Anaponya yekha, atatu atamuzinga.
Chitsulo chinangoti ngwee!

Anatigonjetsa ndi anyamata a ku Junín,
mayina awo sindiwakumbuka n'komwe,
opatsirana mpira monga timapatsirana kuno
chikho cha tiyi wathu wowawa.

M'chipinda chovulira munali zii,
aliyense maso pafoni, kuwerenga zigoli zake.
Kunja mphepo ya kudoko ikukokolola mabaluni.
Ndinatola majezi khumi ndi awiri pansi
n'kuwaponya m'makina amodzi.
M'menemo mokha ndimo amazungulira limodzi.